Ndikufuna anthu akunja andipangire app, koma ndikuopa kuberedwa nzeru

Mphwanu wa ku Ulónguè
Zikomo akuluakulu, amayi ndi abambo pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndili ndi nzeru ya bizinesi yokhudza alimi a kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo imafuna app ya pafoni. Ine kulemba mapulogalamu sindidziwa. Ndinafunsa mitengo ku Maputo, ndalama zake sindingazikwanitse. Pa Upwork, tsamba la pa intaneti lopezerapo anthu aganyu, ndapeza kagulu ka anyamata a ku India, ntchito zawo zakale ndaziona, n'zooneka bwino, ndipo akuti mwina zikwana madola 3,000. Koma akuti ndiwafotokozere zonse kaye, mmene app izigwirira ntchito, ndani azilipira ndani, kuti anene mtengo weniweni. Apa ndi pomwe mtima wanga wakana. Ndikawauza zonse, n'chiyani chingawaletse kupanga okha, ine n'kutsala manja lende? Munthu ali ku India, ine ndili ku Ulónguè, nkhope yake ndimangoiona pa vidiyo. Amene munadutsamo m'zoterezi ndithandizeni.

NaBanda, Matundo
Achimwene, nzeruyo ndi yotani? Tikuthandizani bwanji tisakudziwa chomwe mukufuna kuteteza?

Mphwanu wa ku Ulónguè
Achemwali mundikhululukire, pagulu pano tilipo ambiri. Ndingonena kuti ikukhudza kachewere ndi malole.

Dalaivala wa pa Zóbuè
Kachewere ndi malole mwatero? Ndiye mphwanga ndaidziwa kale. Mukufuna kuti mlimi wa ku Tsangano akakumba kachewere wake azipeza lole yomwe yatsitsa katundu ndipo ikubwerera ku Tete yopanda kanthu, mtengo wonyamulira utsike, inu muzipezapo kangachepe pa thumba lililonse. Sindikukunyozani ayi. Koma dalaivala aliyense amene anayendapo msewu wa Mussacama mpaka Calómuè anaiganizapo nzeru imeneyi, makamaka ukamatsika kumbuyo kulibe ngakhale thumba limodzi, dizilo ukuwotcha yemweyo.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Amalume, mwayandikira kwambiri moti thupi langa lazizira. Pali zina zomwe simunatchule, koma mutu wake ndi womwewo.

Wamakompyuta, Moatize
Achimwene musazizidwe, amalumewa akuthandizani. Ngati dalaivala waitulukira ndi mawu awiri okha, dziwani kuti chuma chanu sichili mu ganizolo. Ku Kenya kunayamba Lori Systems, ku Nigeria Kobo360, onsewo kulumikiza eni katundu ndi eni malole kudzera pafoni. Anyamata anu a ku India mwina anapangapo kale ma app otere. Kuti akubereni afunika abwere ku Angónia, aphunzire Chichewa ndi Chipwitikizi, adziwe kuti ku Dómuè akumba mwezi uti, dalaivala uti ndi wokhulupirika, uti amasowa ndi katundu wa eni. Zimenezo sizinyamulika pa intaneti.

Choopsa chomwe ndachiona ndi maso pantchito yangayi n'china. App imatha, mwalipira zonse, kenako mumazindikira kuti makiyi onse ali m'manja mwa wopangayo. Code, malangizo olembedwa omwe amayendetsa app, ili pa kompyuta yake. Pa Google Play app inalowa ndi dzina lake. Seva, kompyuta ya pa intaneti yomwe imasunga zonse za app, analipira ndi khadi lake. Tsiku lomwe mwasemphana mawu, kapena wangokweza mtengo wokonzera, inu mulibe polowera. Zili ngati kumanga nyumba pamalo pomwe DUAT yake, chikalata cha boma chokupatsa malowo, ili m'dzina la mmisiri: njerwa munagula ndinu, simenti ndinu, koma pepala likutchula wina.

Ndiye musanatumize ngakhale dola imodzi, tsegulani nokha zinthu izi. Imelo yatsopano, ya bizinesi yokhayokha. Ndi imeloyo tsegulani akaunti ya GitHub komwe code izisungidwa. Malo obisika oti anthu ena asaone ndi aulere, mwini ndinu, iwo mumangowaitana, ndipo tsiku lililonse mutha kuwatulutsa. Akaunti ya Google Play amalipiritsa madola 25 kamodzi kokha, pafupifupi mametikali 1,600. Ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, koma imeneyo isiyeni kaye, madalaivala ndi alimi athu amene ali ndi foni zazikulu ambiri ndi a Android. Dzina la pa intaneti, kaya la .co.mz kaya la .com, gulani nokha. Seva chimodzimodzi. Za M-Pesa ndi e-Mola pangano likhale pakati pa inu ndi Vodacom kapena Movitel, ndalama zizigwera kwa inu. Opanga app muwapatse makiyi oyeserera okha.

Mayi a Chisomo
Zomwe akunena achimwene a ku Moatizewa ndinaziona kwa mlamu wanga. Ali ndi nyumba yogona alendo mumzinda wa Tete. Webusaiti yake anamupangira munthu wakunja, yokongola ndithu, alendo obwera ku migodi ankasungitsa zipinda pomwepo. Dzina la webusaitiyo analisindikiza pa makhadi, pa chikwangwani cha pamsewu, mpaka pa matawulo. Chaka chitatha, m'mawa wina webusaiti sikutseguka. Kufufuza, dzinalo munthu uja analembetsa ngati lake, nthawi yolipiranso inadutsa, foni sakuyankha, imelo sakuyankha. Mlamu wanga analira misozi. Anachita kugula dzina lina, kupentanso chikwangwani, kuimbira makasitomala mmodzimmodzi kuwauza kuti adakalipo. Palibe anamubera nzeru, nyumba zogona alendo ku Tete n'zambirimbiri. Anataya njira yomwe alendo ankamupezera, ndipo miyezi imeneyo zipinda zinagona zopanda anthu.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Pepani nazo mayi. Koma ndiye pepala lija amati NDA, loletsa kuulula chinsinsi, lilibe ntchito? Mnzanga wina anandiuzanso kuti ndikalembetse patenti, chikalata cha boma choteteza luso latsopano, ndisanalankhule ndi aliyense.

NaBanda, Matundo
NDA ndi pepala chabe achimwene. Akaliphwanya mudzakwera ndege kukasuma ku India? Tikiti, malo ogona ndi loya wa kumeneko zidzaposa mtengo wa app yonse.

Amalume a Malamulo
Ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ndiyankhe zingapo, koma pangano lanu lenilenilo mudzapezebe loya aliwerenge lisanasainidwe.

Mphwanga, lamulo siliteteza ganizo lili m'mutu. Limateteza chomwe chalembedwa. Pangano la TRIPS la bungwe la WTO, komwe Mozambique ndi India onse ndi mamembala, likunena m'ndime 9 kuti umwini wa zolemba umakhudza mmene chinthu chalembedwera, osati ganizo lake kapena njira yochitira. Ndime 10 ikuti mapulogalamu a kompyuta atetezedwe ngati mabuku. Kwathu kuno lamulo la direitos de autor, la umwini wa zolemba, ndi Lei 9/2022, lomwe linalowa m'malo mwa Lei 4/2001, ndipo dziko lathu linalowa m'Pangano la Berne, loteteza zolemba pakati pa mayiko, mu 2013. Ndiye code ndi yotetezedwa, koma ganizo lolumikiza alimi ndi malole wina aliyense atha kulitenga n'kulemba code yakeyake, khoti silingamuletse. Za patenti iwalani. Njira zochitira malonda ndi mapulogalamu a kompyuta paokha sizilandira patenti pa Código da Propriedade Industrial yathu ya 2015.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu wodziimira payekha akakulemberani code, mwini wake ndi iyeyo kufikira atalemba kuti wakupatsani umwini. Kulipira kokha sikusamutsa umwini. Ndipo poti anthu anuwo ali ku India, tcherani khutu. Copyright Act yawo ya 1957, ndime 19, ikuti kupereka umwini kuyenera kulembedwa ndi kusainidwa. Pepalalo likapanda kutchula kutalika kwa nthawi, lamulo limawerenga zaka 5 zokha. Likapanda kutchula dera, limawerenga India yokha. Ndipo wolandirayo akapanda kugwiritsa ntchito umwiniwo chaka chimodzi chisanathe, umatha mphamvu, pokhapokha pangano litanena zina. Taganizani, inu mwalipira kuti mugwire ntchito ku Tete, koma pepala lolembedwa mothamanga lakupatsani India yokha kwa zaka 5. Choncho pangano linene poyera kuti umwini ndi wamuyaya, ndi wa dziko lonse lapansi, ndipo sutha ngakhale mutachedwa kuyamba. Linenenso kuti aliyense amene adzakhudze code, kaya ndi wantchito wawo kaya waganyu amene amulemba mwamseri, umwini wake wadutsa kale kwa inu.

Za NDA, achemwali a ku Matundo akunena zoona mbali imodzi. Kusuma kunja n'kodula. Komabe ine ndimati sainitsani. Wokana kusaina pepala la tsamba limodzi wakuuzani kale khalidwe lake musanataye ndalama. Kampani yokhala ndi adiresi ndi mbiri pa Upwork imaopa dandaulo lokhala ndi umboni, chifukwa nyenyezi zomwe makasitomala amawapatsa pamenepo ndizo zimawabweretsera ntchito. Ndipo NDA imaluma bwino pa zinthu zogwirika, monga mndandanda wa alimi, manambala a madalaivala, mitengo yanu. Chomwe musadalire ndi mawu oti asadzapangire wina app yofanana. Ku India ndime 27 ya Contract Act ya 1872 imachotsa mphamvu mapangano oletsa munthu kuchita ntchito yake, makamaka mgwirizano ukatha.

Gogo Mphunzitsi, Furancungo
Ana anga, ine za makompyuta zandipeza nditakalamba, koma mtima wanga sukukondwa ndi mmene mukupepulira nzeru ya mwanayu. Mukumukumbukira Nkosana Makate wa ku South Africa? Ankagwira ntchito ku Vodacom ya kumeneko. Mu 2000 anapereka kwa mabwana ake nzeru ya Please Call Me, kauthenga kaja umatumiza ulibe ndalama mufoni kuti mnzako akuimbire. Kampani inayamba kukagwiritsa ntchito mu 2001. Iye anakasuma mu 2008, ndipo mu 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti kampani ikambirane naye za malipiro. Anamulozera marandi 47 miliyoni, iye anakana kuti n'zochepa, mlandu unapitirira zaka zinanso. Musamuuze mwanayu kuti nzeru ilibe mtengo. Ili nawo, ndipo anthu amaimbirana lero chifukwa cha ganizo la mnyamata mmodzi.

Amalume a Malamulo
Gogo mwanena bwino, ndipo sindikutsutsa kuti nzeru ili ndi mtengo. Koma taonani chomwe Makate anapambanira. Khoti silinanene kuti ganizolo ndi katundu wake. Linanena kuti panali pangano loti adzalipidwa, ndipo kampani ililemekeze. Poti linali la pakamwa, zaka 8 zinathera m'makhoti kukangana ngati lonjezo la bwana wakeyo likumanga kampani yonse. Ndiye iyeyo ndi kampaniyo anali dziko limodzi, makhoti amodzi. Mphwathuyu mwayi umenewo alibe. N'chifukwa chake ndikulimbikira pepala, komanso zomwe anena a ku Moatize, kuti asafike n'komwe pofuna khoti.

Gogo Mphunzitsi, Furancungo
Ndamva mwana wanga. Bola mwanayu asagwe ulesi.

Wophunzira wa ku ISPT
Akuluakulu, ndifunse mwaulemu. N'chifukwa chiyani tikuthamangira ku India? Kuno ku Tete, pa sukulu ya ukachenjede ya ISPT, tilipo achinyamata amene tikuphunzira informática, za makompyuta, ku Maputo kuli gulu la opanga mapulogalamu la MozDevz, ku Beira anthu aliko. Madola 3,000 amenewo akanatsala kwathu konkuno. Ndipo ife tikudziwa kuti kumidzi netiweki imabwera n'kupita, kuti mlimi amawerengera mamega ake, kuti ambiri ali ndi kafoni ka mabatani. Wakunja adzakupangirani app yolemera, yokongola pa foni yake, koma yokana kutseguka mlimi ali kumunda. Mwina chomwe chikufunika poyamba ndi SMS kapena USSD, zija mumaimba nyenyezi ndi manambala ngati pa e-Mola.

NaBanda, Matundo
Mphwanga usakhumudwe, koma ngati pali amene angamulande bizinesi munthuyu ndi wapafupi. Wa ku India Dómuè sakuidziwa. Iwe ukuidziwa, mwina malume ako ali ndi lole, msuweni wako amagula kachewere pa msika wa Ulónguè. Ukangoona mmene zikuyendera, mawa uyamba yako, ndipo uli ndi zonse zomwe wakunja alibe. Ine ndimagulitsa zovala, ndipo amene anatsegula banka moyang'anizana ndi yanga, ndi katundu wofanana, wochokera komwe ndimaoda ine, si mlendo ayi. Ndi mtsikana amene ankandithandiza kugulitsa.

Wophunzira wa ku ISPT
Achemwali n'zoona, msika ndikuudziwa. Koma ine ndikaba adzandipeza. Khoti la ku Tete lilipo, kwathu akukudziwa, ntchito ndidzaifuna mumzinda momwemu. Mbiri ikaipa kuno sindingasamukire kwina ndi dzina latsopano ngati mmene munthu amatsegulira akaunti ina pa intaneti. Wakunja manyazi amenewo alibe.

NaBanda, Matundo
Mtsikana uja nayenso kwawo ndikukudziwa. Manyazi sanamuletse.

Wamakompyuta, Moatize
Nonse mukunena zoona, ndipo pangano ndi makiyi ndi zomwezo kaya wopangayo ali ku Bangalore kaya ku Chingodzi. Ine ndikanati achimwene achite zonse ziwiri. Ngati a ku India ndi amene ali ndi luso lomaliza ntchito, alembeni. Koma pezani munthu wakuno wodziwa code, mumulipire pang'ono, akhale maso anu. Inu nokha simungadziwe ngati zomwe aika pa GitHub ndi code yonse kapena theka. Njira yoyesera ndi imodzi: munthu wanuyo atsitse code pa kompyuta yake, aimange, app ituluke n'kutseguka pa foni. Ikakana, pali chomwe abisa kapena aiwala, ndipo ndalama ya gawo limenelo isatuluke.

Ndikuti gawo chifukwa musalipire zonse pakamodzi. Pa Upwork ntchito ya mtengo wokhazikika mutha kuidula m'magawo. Ndalama ya gawo mumaika kwa Upwork, iwo amaisunga, ndipo imapita kwa wopangayo inu mukavomereza kuti ntchito yafika. Yambani ndi gawo laling'ono, tinene tsamba lolembetsera dalaivala basi, muone ngati amasunga nthawi ndi kumva zomwe mwanena. Akadzakuuzani kuti tiyeni tichoke pa Upwork tizilipirana mwachindunji kuti mtengo utsike, kanani. Mukachoka, chitetezo cha ndalama chija mwachisiya komweko. Code aziika pa GitHub yanu masiku onse ogwira ntchito, osati kudzakupatsani mtolo kumapeto.

Tsopano funso lanu loyamba lija, loti akufuna muwauze zonse. Sakufunika zonse. Akufunika kudziwa kuti pali mlimi, pali dalaivala, pali inu woyang'anira, ndipo aliyense akadina apa chichitike n'chiyani. Sakufunika kudziwa kuti inu muzidula zingati pa thumba. Auzeni apange kabokosi patsamba la woyang'anira momwe inu muzilembamo nambala imeneyo nokha. Mayina a midzi, mitengo ya misewu, mawu a Chichewa ndi Chipwitikizi oonekera pa app, zonsezo muzilowetsa nokha. Poyesa app musawapatse manambala enieni a alimi. Pekani mayina ndi manambala abodza. Manambala a anthu si anu oti muzigawa, anakupatsani pokukhulupirirani.

Zina ziwiri zing'onozing'ono. Afunseni alembe mndandanda wa zidutswa za code yaulere zomwe agwiritsa ntchito ndi malaisensi ake. Zambiri monga MIT zilibe vuto, koma GPL ili ndi lamulo loti mukagawa pulogalamu yomangidwa nayo, code yake muiperekenso kwa amene alandira pulogalamuyo. Ndipo kiyi yosainira app ya Android, yomwe amati keystore, pamodzi ndi pasiwedi yake, ikhale kwa inu, musunge malo awiri.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Achimwene, za kabokosi zija zandimasula kwambiri. Ndimaganiza kuti ndiyenera kuwatumizira kope langa lonse momwe ndinalemba mitengo ndi mayina a alimi. Nanga akanena kuti pali code ina yomwe anapanga kale ndipo amaigwiritsa ntchito kwa makasitomala onse, imeneyo sangandipatse?

Amalume a Malamulo
Zimenezo zimachitika ndipo si kuba. Aitchule m'pangano kuti ndi iti, ndipo akupatseni chilolezo choigwiritsa ntchito kwamuyaya, kwaulere, chokulolani kuisintha ngakhale mutadzalemba ntchito anthu ena kapena kugulitsa bizinesi. Zina zonse zolembedwera inu ndi zanu.

Ndiwonjezere chomwe mungathe kulembetsa, chomwe anthu amachiiwala pothamangira patenti: dzina la app ndi chizindikiro chake. Marca imalembetsedwa ku IPI, Instituto da Propriedade Industrial. Imakhala zaka 10 ndipo mumaionjezera, koma kumbukirani kuti kwathu kuno pa zaka 5 zilizonse mumapereka chikalata chonena kuti mukufunabe kuigwiritsa ntchito. Wina akadzatengera nzeru yanu, ndipo zikayenda bwino adzatengera ndithu, sangatenge dzina lomwe alimi alizolowera. Poti malole anu adzadutsa pa Calómuè, pa Biri Biri ndi pa Zóbuè, dziwaninso kuti kuli ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa marca ndi patenti m'mayiko angapo a mu Africa. Mozambique inalowa mu Banjul Protocol, pangano la ARIPO la za marca, mu 2020, Malawi ndi Zimbabwe alimonso, ndiye pempho limodzi litha kutchula mayiko angapo. Koma zimenezo n'zam'tsogolo, yambani ndi kwathu.

Kontabilista, Tete
Ndaona nonse mukukamba za code, palibe wakamba za ndalama kuti zituluka bwanji. Achimwene, akaunti zonse akuti mutsegule m'dzina lanu, koma dzina lanu liti? Ngati mawa mudzafuna mnzanu woika ndalama, kapena ngongole ku banki, adzafunsa kuti app ndi ya kampani kapena ya munthu. Ndi bwino mupite ku BAÚ, ofesi ya boma yothandiza a bizinesi, mulembetse kampani, ngakhale ya munthu mmodzi, itenge NUIT yake, nambala ya msonkho, ndipo pangano ndi a ku India lisainidwe m'dzina la kampaniyo. Potumiza ndalama kunja kulipira ntchito banki imafuna kuona pangano ndi fatura. Palinso msonkho womwe wolipira amayenera kudula akamalipira kampani yakunja, nthawi zambiri 20 peresenti, ngakhale pakati pa Mozambique ndi India pali pangano la za misonkho lomwe lingasinthe chiwerengerocho. Funsani ku Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho, musanagwirizane mtengo, chifukwa a ku India akati madola 3,000 akutanthauza omwe afike m'manja mwawo. Mukapanda kukambirana kuti msonkhowo ndi wa ndani, mkangano woyamba udzabadwira pamenepo, app isanayambe n'komwe. Ndipo malisiti onse sungani, ndiwo umboni wanu wachiwiri kuti ntchitoyi munalipira ndinu.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Zikomo. Amalume a Malamulo, papepala lomwe anditumizira pali mzere woti mikangano idzaweruzidwa ndi makhoti a mumzinda wawo. Ndisinthe ndilembe Tete?

Amalume a Malamulo
Mutha kulemba Tete, koma chigamulo cha khoti la ku Tete kukachigwiritsa ntchito pa katundu wa munthu ali ku India ndi ulendo wina wautali. Makampani akuluakulu amasankha arbitragem, oweruza apadera ogwirizanitsa mbali ziwiri, chifukwa pali Pangano la New York la 1958 lomwe limachititsa mayiko kulemekeza zigamulo zotere. Mozambique inalowamo mu 1998. Koma India imalemekeza zigamulo zochokera m'mayiko omwe boma lake linalengeza, monga Singapore ndi UK, ndipo mlandu wa ku Singapore pa ntchito ya madola 3,000 simungaukwanitse. Ndiye mzerewo musaugonjere mwachisawawa, loya wanu aukonze, koma musaike mtima pamenepo. Chomwe chingakupulumutseni n'choti tsiku lililonse ndalama zomwe zili m'manja mwawo zisapose ntchito yomwe ili m'manja mwanu. Akathawa pakati, mwataya gawo limodzi, code ili kwa inu, mupeza wina apitirize.

Mayi a Chisomo
Ndiponso nambala ya foni yomwe mulembetse pa imelo ija ikhale SIM ya dzina lanu, osati ya m'bale kapena ya bwenzi. Mlamu wanga pobwezeretsa imelo yake anavutikanso chifukwa kauthenga kotsimikizira kankapita pa nambala ya mwana wake amene anali ku Beira kusukulu.

Dalaivala wa pa Zóbuè
Ndawerenga zonse ndili pamzere pa malire pano. Mphwanga, ine za GitHub sindizidziwa, koma ndikufunseni zomwe app singayankhe. Lole yanyamula matumba a mlimi wa ku Tsangano, yafa pa Mussacama, dzuwa la kumunsi kuja mukulidziwa, masiku awiri kachewere wayamba kununkha. Alipire ndani? Dalaivala wafika pamunda wapeza matumba ndi theka la omwe ananena pafoni, dizilo wawotcha kale. Alipire ndani? Mvula yagwa, msewu wafumbi wolowera kumudzi lole singadutse, mlimi akuti bwerani, dalaivala akuti tulutsirani kumsewu waukulu pa ngolo. Ndipo mwini lole ali ku Tete sakudziwa kuti dalaivala wake wanyamula katundu wobwerera, ndalama yalowa m'thumba la dalaivala. Inu mugwira ntchito ndi ndani, mwini kapena dalaivala? Mukapeza mayankho a zimenezi, chimenecho ndiye chinsinsi chanu, ndipo musauze wa ku India kapena wa ku ISPT. Koma simungawapeze muli pa kompyuta. Tengani kope ndi foni, mulumikize alimi khumi ndi malole atatu pa WhatsApp nyengo imodzi, muone pomwe anthu amakanganirana. Mukatero mudzadziwa choti muwauze a ku India apange, ndipo mwina chidzachepa kuposa chomwe mukuganiza lero.

Wamakompyuta, Moatize
Amalume anena chomwe ine ndimaopa kunena. App zambiri zomwe ndaona zikufa sizinaphedwe ndi akuba, zinapangidwa eni ake asanadziwe chomwe anthu akufuna, ndipo kusintha kulikonse pambuyo pake ndi ndalama ina.

Wophunzira wa ku ISPT
Achimwene a ku Ulónguè, ngati mudzafune munthu woyesa code ija, ine ndilipo. Ndipo kuti achemwali a ku Matundo mtima ukhale pansi, pepala lomwe asaine a ku India inenso ndisaina lomwelo.

NaBanda, Matundo
Usaine, ndipo manambala a alimi asakuonetse.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Ndakumvani nonse akuluakulu. A ku India tinapangana kulankhulana mawa 14:00 yathu, kwawo ikhala 17:30. Ndiwauza kuti adikire kaye mpaka nditalembetsa kampani ndi kuonetsa pepala lawo kwa loya. Mphwanga wa ku ISPT ndikulembera kumbali. Amalume a pa Zóbuè, funso la mwini lole ndi dalaivala ndilibe yankho lake. Inu mumatani?

Dalaivala wa pa Zóbuè
Ine bwana wanga ndimamuuza, timagawana. Ena sanena. Yambani ndi eni malole amene amayendetsa okha, alipo ndithu a matani 7 ndi 10, mkangano umachepa. Lachinayi m'mawa nditsitsa simenti ku Ulónguè ndipo ndibwerera ku Tete wopanda kanthu. Ngati muli ndi mlimi amene matumba ake ali kale pamsewu wa tala, ndiuzeni Lachitatu madzulo chiwerengero chenicheni, ndimuuze bwana.

Mphwanu wa ku Ulónguè
Alipo mayi wina ali ndi matumba 40, koma ali mkati pang'ono. Ndipita mawa ndikatha foni ija ndikaone ngati tingawatulutsire kumsewu pa ngolo, mtengo wa ngoloyo tidzaukambirana Lachitatu.